Kulandira alendo pa ukwati: mlendo aliyense akhale ndi mwini wake

Chaka china tinakwatitsa mwana wamkazi wa achimwene anga kuno ku Blantyre. Holo inakongoletsedwa bwino, chakudya chinakwana, ndipo anzathu a m'tauni anapita kwawo akuyamikira. Patapita masiku awiri ndi pamene ndinamva kuti agogo ake a mkwati, mayi amene anamulera kuyambira ali wakhanda, anakhala panja pansi pa mtengo wa mango kuyambira 2 koloko mpaka dzuwa kulowa. Mnyamata amene tinamuika pakhomo anawafunsa khadi. Khadi lawo linali m'chikwama cha mdzukulu wina amene anali atalowa kale. Agogowo sanakangane naye, anangotembenuka n'kukakhala pansi. Sanadye, sanavine, ndipo ndalama imene anaimanga pansonga ya chitenje kuchokera ku Kasungu anabwerera nayo.

Mnyamatayo sanalakwe, anachita zimene tinamuuza. Olakwa tinali ife a komiti. Tinakonza za keke, za maluwa ndi za oyimba, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene ntchito yake inali yodziwa kumene agogowo ali. Tinapita ku Kasungu ndi ankhoswe kukapepesa nkhuku ili m'manja, ndipo anatilandira bwino, koma mpaka lero nkhaniyo imandiwawa. Kuchokera pamenepo, ukwati kapena chinkhoswe chilichonse chimene andipatsa kuti ndiyang'anire alendo ndimachiyendetsa ndi lamulo limodzi: mlendo aliyense akhale ndi mwini wake. Ndikutanthauza munthu womudziwa nkhope, amene ndikamufunsa kuti "Kodi amalume a ku Ntcheu adya?" andiyankha osayamba wakafunsa wina.

Zimayambira pa kuwerenga. Makomiti ambiri amayamba afunsa kuti holo imalowa anthu angati, kenako n'kusindikiza makhadi okwana chiwerengerocho. Ine ndimakhazika pansi mayi wa mkwati ndi mayi wa mkwatibwi, aliyense payekha, kope lili m'manja, n'kumalemba maina banja ndi banja. Azimayi ndi amene amakumbukira azakhali a kutali amene akaiwalidwa adzadandaula zaka khumi. Kenako ndimalemba a kumpingo, anzawo a akwati a kuntchito ndi a kusukulu, ndi anansi a pamalo. Dzina lililonse ndimalifunsa kuti libwera ndi ndani. Khadi limodzi lopita kwa atsibweni kumudzi limabweretsa atsibweniwo, akazi awo, mlamu wawo, ana awiri ndi mnyamata wonyamula thumba la ufa. Limenelo si vuto ayi, ndiwo ukwati wa kwathu, ndipo ntchito yanu ndi kudziwiratu. Sankhani munthu mmodzi kumudzi amene ali ndi foni, ayende nyumba ndi nyumba, akuuzeni chiwerengero kutatsala milungu iwiri, adzakuuzeninso kutatsala masiku atatu. Pa chiwerengero chonse ndimaonjezapo munthu mmodzi pa asanu alionse. Kope likati 300, ophika ndimawauza 360, ndipo mipando ndimabwereka yokwana 360 yomweyo.

Ndinaphunziranso china mu 2021, boma litaletsa kusonkhana anthu oposa 50 chifukwa cha Covid-19. Mabanja anakakamizika kusankha oti abwere, ndipo ndinaona kuti anthu sakwiya kwenikweni chifukwa chosaitanidwa. Chimene chimawapweteka ndi kumva za ukwati wa mwana wawo kwa anthu apadera. Ngati simungathe kuitana onse, ankhoswe apite kapena aimbe foni kwa akuluakulu a banja lililonse, afotokoze ndi pakamwa pawo.

Kope likadzaza, gawani mainawo m'magulu a anthu 20 kapena 30, gulu lililonse mulipatse mwini. Mwiniyo akhale wa m'banja lomwelo koma wopanda ntchito ina tsikulo. Asakhale mayi wa mkwatibwi, asakhale woperekeza akwati, asakhale wophika. Msuweni wachikulire pang'ono, wodekha, amene amayenda kumudzi pa maliro ndi pa ziliza, ndiye woyenera, chifukwa amadziwa amene amayenda ndi ndodo, amene ali ndi matenda a shuga, ndi awiri amene sakulankhulana chifukwa cha malire a munda. Ngati akuchimuna akuchokera ku Mzimba kapena ku Rumphi, mwini wawo akhale wolankhula Chitumbuka. Ngati ndi a ku Mangochi kapena ku Machinga, akhale wodziwa Chiyao. Munthu wamkulu amene wayenda usiku wonse m'basi mtima wake umakhala pansi akalonjeredwa m'chilankhulo chake. Maina a eni maguluwa ndi manambala awo a foni ndimawalemba papepala limodzi, pepalalo limakhala ndi ine, ndi wapampando, ndi woyendetsa mwambo.

A m'tauni amati ukwati ndi Loweruka. Kwa wolandira alendo ukwati umayamba Lachinayi, pamene oyamba a kumudzi akutsika pa depoti ya Wenela kapena ku Limbe. Wina akawachingamire. Musawauze kuti akwere minibasi ya ku Chilomoni atsike pakuti, chifukwa ena sanafikepo mumzinda muno, ali ndi nkhuku, maungu ndi ana. Akafika, katundu alandiridwe, apatsidwe pokhala ndi madzi akumwa, malonje achitike mwaulemu wake, kenako madzi osamba ndi chakudya. Mwini nyumba asiye zonse kwa mphindi zochepa, akhale nawo pansi, awatchule mfunda wawo: "Takulandirani Anaphiri, mwayenda bwanji? Nanga kumudzi mwasiyako bwanji?" Keke ikhoza kudikira.

Pogona pakambidwe ndi anansi kutatsala mwezi. Amuna kwawo, akazi kwawo, akuchimuna nyumba ina, akuchikazi nyumba ina. Musagoneke apongozi m'nyumba imene mkamwini wawo akudutsa ndi thaulo kupita kubafa, ngakhale inu a m'tauni muzione ngati zazing'ono. Okalamba apatsidwe matiresi ndi chipinda choyandikira chimbudzi, achinyamata agone pa mphasa. Ukwati ukakhala wa mu June kapena July, bwerekani mabulangete ochuluka, chifukwa chiperoni cha kuno chimazunza kwambiri munthu wochokera ku Nsanje kapena kunyanja. Dzazani migolo ndi zidebe madzi Lachitatu, mipopi ikhoza kuuma nthawi iliyonse, ndipo nyumba ya anthu 40 yopanda madzi imasanduka malo osakhalika tsiku limodzi lokha.

Ndalama imene makomiti amaiwala kawirikawiri ndi ya chakudya cha masiku amenewa. Amawerengera chakudya cha Loweruka masana, n'kuiwala kuti anthu adya Lachinayi usiku, Lachisanu katatu, Loweruka m'mawa ndi usiku, Lamulungu, ena mpaka Lolemba. Ufa, nkhuni kapena makala, shuga, masamba a tiyi, mchere, mafuta ophikira, nyemba, usipa, sopo, zonsezi zikhale ndi mzere wake pa bajeti, ndipo zisungidwe kosiyana ndi za tsiku la ukwati. Mukazisakaniza mudzapeza kuti mpunga wa Loweruka unayamba kudyedwa Lachisanu. Zinthu zosaonongeka gulani msanga ndalama zikangosonkhedwa. Amene anali ndi maukwati a mu December 2023 akukumbukira mmene mitengo inakwerera kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November, mabajeti olembedwa mu August n'kusanduka mapepala chabe. Kabichi, tomato, anyezi ndi mbatatesi ndiye muzigule mochedwa. Ife a ku Ntcheu timatuma wachibale atigulire pa Lizulu pobwera.

Kwa ophika ndimawerengera kilogalamu imodzi ya mpunga anthu 8, nkhuku imodzi nthuli 8, ndipo zakumwa ndimawerenga mabotolo, limodzi pa munthu ndi ena oonjezera, osati makireti ongoyerekeza. Nsima isasowe ngakhale mpunga uli wa Kilombero weniweni wochokera ku Karonga, chifukwa alipo akuluakulu amene akadya mpunga amati sanadye. Thobwa likonzedwe lokwanira, ndilo limagwira anthu m'mimba pamene mwambo ukuchedwa. Funsani msanga za zimene anthu sadya. Ngati pali achibale Achisilamu, mbuzi ndi nkhuku zizingidwe ndi Msilamu, ndipo muwauze kuti zatero kuti adye ndi mtima umodzi. Nyama ya nkhumba pa mwambo wa anthu osakanikira ine sindiilola n'komwe, chifukwa a Seventh Day nawonso sadya, ndipo chipande chimodzi chikhoza kuyenda m'mapoto awiri. Achibale a Seventh Day dziwaninso kuti ambiri sabwera Loweruka masana. Akonzereni mpata wodzaona akwati dzuwa litalowa kapena Lamulungu.

Pamalo odyera paikidwe zidebe za mpopi ndi sopo, ndi mwana woyang'anira kuti madzi asathe. Beseni limodzi losambamo m'manja anthu onse lisaonekenso. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo sindifuna kuti mlendo wanga abwerere kwawo ndi matenda. Zimbudzi mukazione nokha m'mawa wa tsikulo, musangomva za mwini holo, ndipo pakhale wozisamalira mpaka madzulo.

Chipinda chosungira chakudya chikhale ndi kiyi mmodzi, wosunga akhale mayi amene satha kunyengereredwa. Ndikunena izi mosabisa chifukwa ndaona maukwati amene chakudya chinali chokwanira koma alendo anagona ndi njala, mbale zitatuluka kukhomo la kuseri mwambo usanayambe. Njira yothetsera ndi kudyetsa ophika, ogawa chakudya ndi olandira alendo poyamba, akhute, ndi kuwalonjeza poyera kuti zotsala adzagawana mwambo ukatha. Munthu wanjala sagawa bwino nyama.

Mafumu ali ndi ulemu wawo. Ngati mwambo ukuchitikira kumudzi, a nyakwawa adziwitsidwe ndi ankhoswe kalekale, asamve ng'oma zikulira. Ngakhale m'tauni, mfumu ya pamalo iuzidwe. Mukaitana mfumu kuchokera kumudzi, galimoto ikaitenge, mpando wake ukhale wodziwika kutsogolo, ndipo amene yabwera nawo akhale pafupi nayo. Woyendetsa mwambo, amene ambiri timangoti MC, apatsidwe pepala la maina ndi maudindo molondola, kuyambira mfumu yaikulu, a gulupu, a nyakwawa, abusa kapena ansembe, ankhoswe a mbali zonse, makolo. Ndimakhala naye pansi Lachisanu kuti awerenge mainawo mokweza ndimve. Kutchula a gulupu kuti a nyakwawa pagulu ndi cholakwa chimene chimafika kumudzi inu musanafike. Ndimamuuzanso nthabwala zimene sindifuna: zonyoza mtundu wa anthu, zonyoza a kumudzi, ndi zolaula pamaso pa apongozi.

Pamene alendo ambiri amatayika ndi pakati pa tchalitchi ndi holo. Ukwati ukangodalitsidwa, a magalimoto amathamangira kutsatira akwati kokajambulitsa, malipenga ali pii pii, ndipo pabwalo la tchalitchi pamatsala okalamba ndi azimayi a ana, osadziwa kolowera. Choncho minibasi kapena lole ya a kumudzi ikhale itaima patchalitchi mapemphero asanathe, mafuta atathiridwa dzulo lake, ndipo mwini gulu aliyense awerenge anthu ake asanakwere iye. Galimoto yomaliza kuchoka patchalitchi imakhala yanga. Anthu amenewa apite kukadya nthawi yomweyo, cha m'ma 12 koloko. Musawasunge ndi njala mpaka perekaniperekani atathe. Anadzuka 4 koloko m'mawa kudikirana kubafa, ena anangomwa tiyi wopanda chotafuna.

Pakhomo la holo ndimaikapo anthu atatu: mmodzi wa kuchimuna wodziwa nkhope, mmodzi wa kuchikazi wodziwa nkhope, ndi mnyamata wamphamvu woona makhadi. Mnyamatayo alibe mphamvu yobweza munthu payekha. Wopanda khadi amamupereka kwa awiriwo, ndipo onse akapanda kumudziwa amaitana ine. Munthu wa imvi sabwezedwa, amapatsidwa mpando kaye, mafunso pambuyo. Ndi bwino kudyetsa alendo asanu osawadziwa kusiyana ndi kusiya panja kholo limodzi. Mizere iwiri kapena itatu yakutsogolo mbali zonse isungidwe, pakhale mtsikana woilondera, chifukwa anzawo a akwati amafika msanga ndi magalimoto n'kudzaza kutsogolo, makolo n'kukakhala kumbuyo kumene saona kanthu. Okalamba musawaike pafupi ndi masipika. Azimayi oyamwitsa akhale chakukhomo kuti azituluka mosavuta.

Ana a m'dera adzabwera ndithu, ndi ena ongomva nyimbo. Kuwathamangitsa ndi ndodo kumangobweretsa chipwirikiti ndi mbiri yoipa kwa anansi amene mudzakhale nawo mawa. Ine ndimasunga poto wa mpunga ndi nyemba, ndi ndowa ya Sobo wosungunula, mayi mmodzi amawakhazika pamthunzi kuseri n'kuwagawira. Akadya ambiri amapita. Za akuba ndi nkhani ina: dziwitsani apolisi apafupi kapena achitetezo a m'dera, pakhale woyang'anira magalimoto, ndipo MC akumbutse anthu kuti ponyamuka kukavina asasiye foni ndi zikwama pampando.

Perekaniperekani ndi pamene mwambo umakoma, ndi pamenenso alendo amatopa ndi kuchita manyazi ngati sizinakonzedwe. Ndalama zing'onozing'ono zosinthira, ma K50, K100 ndi K200, msungichuma azipeze kubanki kutatsala mlungu, chifukwa Loweruka simuzipeza. Patebulo losinthira ndi powerengera pakhale anthu a mbali zonse ziwiri, ndalama zilembedwe gawo ndi gawo, kuti mawa pasakhale kunong'onezana. Otola ndalama pansi ndi malichero akhale odziwika, ovala mofanana. Nambala ya Airtel Money ndi ya Mpamba ilembedwe poonekera, ithandiza amene alibe ndalama m'manja ndi achibale a ku Johannesburg kapena ku London amene akuonera pafoni, koma foni yolandirira ikhale ndi munthu mmodzi wodziwika kwa mbali zonse.

Chimene ndimalimbana nacho ndi a MC ndi ndondomeko yoitanira anthu. Ambiri amakonda kuyamba ndi "amene ali ndi K5,000 abwere kutsogolo", n'kumatsika pang'onopang'ono, mwakuti a kumudzi amaitanidwa kumapeto holo itayamba kuchepa anthu. Ine ndimati makolo, ankhoswe ndi a kumudzi a mbali zonse ayambe, nyimbo yake ikhale imene iwo angavine, nthungululu zimveke, ndipo pasatchulidwe kuchuluka kwa ndalama. Mayi amene wagulitsa ndowa ya mtedza kuti apeze yokwerera basi ndi K200 yoponya wapereka zambiri, ndipo ayenera kuvina mwana wake akumuona. A kuntchito ndi a magulu abwere pambuyo, amenewo sachedwa kudzuka. Musaitane gulu limodzi kanayi m'maina osiyanasiyana. Anthu amazindikira kuti akukamidwa, ndipo amayamba kutuluka mmodzimmodzi. Pofika 5 koloko mwambo uzitha, kuti oyenda pa minibasi akafike kusanade.

Jenereta ikhalepo ndi mafuta ake, iyesedwe m'mawa. Ukwati wa panja kuyambira November mpaka March ukhale ndi matenti okwana anthu onse, osati akwati okha, ndipo mu October madzi akumwa achuluke kuposa zakumwa zotsekemera.

Chakudza sichiimba ng'oma. Zimachitika kuti m'mudzi kapena pafupi ndi nyumba pagwa maliro ukwati utatsala tsiku limodzi. Zimenezo si za komiti kugamula pa WhatsApp. Ankhoswe apite kwa mfumu ndi kwa aferedwa, akapepese, akamve maganizo awo. Kawirikawiri amalola kuti mwambo upitirire, koma nyimbo za usiku kunyumba zimazimitsidwa ndipo ena a banja amapita kukakhala nawo pasiwa. Eni magulu auze alendo awo mwakachetechete kuti asadabwe.

Loweruka madzulo komiti yambiri imabalalika, aliyense ali wotopa, koma alendo a kumudzi akadali m'manja mwanu. Akabwerera kunyumba apeze moto uli pamafuwa ndi madzi osamba. Ophika a usiku umenewo akhale ena, amene sanagwire ntchito masana, ndipo muwasankhiretu. Usiku womwewo kapena m'mawa mwake akuluakulu amafuna kukhala ndi akwati kuti awalangize, ndiye pakhale chipinda ndi nthawi yake, anzawo a akwati asawatenge kupita nawo kokasangalala akuluakulu akudikira.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo Lamulungu ambiri amafuna kunyamuka chifukwa anasiya ziweto ndi ana. Ndalama yowabwezera ndimaiika mu envelopu kutatsala mlungu wathunthu, n'kuisungitsa kwa munthu amene sali mu komiti, chifukwa ikakhala kwa msungichuma imathera ku zinthu zadzidzidzi za Lachisanu. Musadalire za perekaniperekani, zimenezo ndi za akwati. Banja lililonse lipatsidwe kamba wa panjira ndi kaphukusi kopita nako kumudzi: buledi, paketi ya shuga, chidutswa cha keke chokaonetsa amene sanabwere. Mabeseni, mitsuko ndi matumba amene anabweretsera ufa ndi thobwa abwezedwe kwa eni ake atatsukidwa, ndipo asabwerere opanda kanthu.

Akwati adzuke adzatsanzike, agwade kwa agogo awo, athokoze banja lililonse. Kenako mwini gulu aperekeze anthu ake mpaka ku depoti, awakweze, aone kuti okalamba apeza mpando ndi kuti katundu wakwera, atenge nambala ya kondakitala ngati pali wokalamba amene akuyenda yekha, ndi kuimbira wa kumudzi kuti akawachingamire pa siteji. A ku Ntcheu amakhala atafika masana, a ku Kasungu madzulo, a ku Mzimba usiku kapena m'mawa mwake. Mwini gulu aliyense amandiimbira anthu ake akafika, ndipo ndimachonga dzina lake m'kope lomwe lija tinayamba nalo. Lolemba ndimayenda kwa anansi amene anatigonekera alendo, kubweza mabulangete ndi mphasa, ndi mbale ya nyama ya nyumba iliyonse.